Galimoto ya maliro imapezeka, nanga ya wodwala?

Munthu akamwalirira m'chipatala cha pa boma ku Mangochi, kwawo kuli kwa Katuli kapena kwa Nankumba, dzuwa sililowa galimoto isanapezeke. Mafoni amalira uku ndi uku. Mwana wa ku Joni amatumiza ndalama, a kumzikiti kapena a kumpingo amasonkha, phungu wa deralo kapena amene akufuna uphungu amatumiza lole, ndipo thupi limafika pamudzi adzukulu atamaliza kale ntchito yawo. Palibe amene amafunsa ngati ndalama za mwezi uno zabwera kuchokera ku Lilongwe. Tonse timadziwa kuti maliro sadikira, makamaka kuno kumene abale athu achisilamu amaika malemu mwamsanga monga chipembedzo chawo chimalamulira. Ndi mwambo wabwino ndipo sindikuunyoza. Chimene chimandidya mumtima n'chakuti munthu yemweyo, dzulo lake, ali moyo, akubuula pamkeka, anasowa chomutengera kuchipatala.

Anthu amene amatha kupeza galimoto, mafuta ndi dalaivala m'maola ochepa chifukwa cha womwalira sanganene kuti kunyamula wodwala mwakayakaya n'kosatheka. Magalimoto alipo, maboti alipo, foni ili m'mudzi uliwonse. Chimene kulibe ndi dongosolo: nambala imodzi imene ngakhale mwana wa Sitandade 4 angaidziwe pamtima, munthu amene ntchito yake ndi kuyankha foniyo usana ndi usiku, mafuta amene wina aliyense sangawakhudze pa ntchito ina, ndi munthu wodziwa chochita ndi wodwalayo ali m'njira. Umenewu ndi udindo wa boma ndi khonsolo, ndipo anthu a kunyanja kuno adikira mokwanira.

Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 1,148,611 m'boma la Mangochi. Onsewa amadalira chipatala chimodzi cha pa boma, chothandizana ndi cha Monkey Bay, cha St Martin's ku Malindi, cha Mulibwanji, ndi zipatala zing'onozing'ono zomwazikana kuyambira ku Chilipa mpaka kumalire a Mozambique. Amene amaonera mafilimu amaganiza kuti ambulansi ndi galimoto yobwera pakhomo ukaimba foni. Kwathu kuno sizitero. Ambulansi ya boma imachotsa wodwala pachipatala chaching'ono kupita naye kuchachikulu, ndipo matenda akakula imachoka pa boma kupita ku Zomba kapena ku Queens ku Blantyre. Ulendo wochoka panyumba kukafika pachipatala choyamba ndi wa banja lokha: pa kabaza, pa ngolo, pa machira, kumsana, kapena m'bwato.

Mukafika pamenepo mtima umakhala pansi pang'ono. Namwino akumuona wodwala, akuzindikira kuti izi si zapano. Amatenga foni yake, kawirikawiri ndi mayunitsi ogula yekha, n'kuimbira woyang'anira magalimoto ku boma. Mayankho amene amalandira, aliyense amene anakhalapo gadiyani m'dziko muno amawadziwa. Ina yapita ku Zomba ndi wodwala wina. Ina ili pamiyala, ikudikira matayala. Ina yapita kukatenga mankhwala. Imene ilipo ilibe mafuta. Ndiye namwino, amene si iye anayambitsa vutoli, amatuluka panja kukauza abale kuti ngati angathe asonkhe za dizilo kapena akasake galimoto ya hayala. Apa ndi pamene mbuzi imagulitsidwa usiku pamtengo wongotaya, ndi pamene foni kapena ukonde umapinyolitsidwa.

Ambulansi ikapezeka, suzumirani m'kati mwake. Zambiri ndi Land Cruiser yokhala ndi machira ndi benchi. Mpweya wa okosijeni supezekamo nthawi zonse. Dalaivala anaphunzira kuyendetsa galimoto, sanaphunzire kusamala munthu amene akukomoka. Namwino akakwera nawo ndiye kuti chipatala chimene wachokacho chatsala ndi mnzake mmodzi wotopa kapena chatsala chopanda mzamba. Akapanda kukwera, wodwala amayenda ndi gadiyani atakweza botolo la diripi m'mwamba, osadziwa choti achite likatha. Ndipo poti mafuta ndi osowa, galimotoyo imazungulira zipatala ziwiri zitatu kutolera odwala kuti ulendo ukhale umodzi. Amene foni yake inaimbidwa m'mawa amafika limodzi ndi wa madzulo.

Azamba ndi madokotala amaphunzitsidwa kuti mayi amene akutaya magazi kwambiri atangochira akhoza kumwalira m'maola awiri. Tengani maola awiriwo muwaike pamsewu wa Makanjira. Kuchoka pa boma, kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, kudutsa Malindi ndi Lungwena mpaka kwa Makanjira, ndi makilomita pafupifupi 100, pamsewu umene kwa zaka zambiri wakhala wa fumbi m'chilimwe ndi wa matope m'dzinja, milatho yake ikukokoloka mvula ikakula. Ambulansi yonyamukira pa boma iyenera kuyenda mtunda umenewu kawiri, popita ndi pobwera. Simufunika sukulu kuti muone kuti mayi uja safika. Mu 2023 boma linasainirana ngongole ya madola 20 miliyoni ndi Saudi Fund for Development yothandizira kumanga msewuwu, ndipo tonse tikuufuna msewu umenewu. Koma mayi amene ali ndi pakati lero ali ndi miyezi yake yowerengeka, ndipo sadikira kontirakitala.

Mu 1994 akatswiri awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, anafotokoza kuti amayi amafa pa uchembere chifukwa cha kuchedwa kwa mitundu itatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kuthandizidwa atafika. Ife Amalawi tinalimbana kwambiri ndi kuchedwa koyamba, chifukwa kumeneko woloza chala ndi mayi wa kumudzi, ndipo kumulanga sikulira ndalama. Mu 2007 boma linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa. Mafumu anaika chindapusa, kwina mbuzi, kwina ndalama, kwa banja limene mayi wachirira pakhomo kapena panjira. Mu 2012 Mayi Joyce Banda anakhazikitsa ntchito ya uchembere wabwino, Mfumu Yaikulu Kwataine ya ku Ntcheu ikutsogolera mafumu anzake, ndipo nyumba za chidikiro zinamangidwa m'malo ambiri. Amayi anamvera. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 91 mwa 100 aliwonse akubadwira m'chipatala. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo, amayi 439 akutayabe miyoyo.

Amayi anakwaniritsa mbali yawo ya pangano. Anasenza mkeka, ufa, nkhuni ndi beseni n'kukagona kuchidikiro masabata awiri atatu, atasiya ana ndi munda. Tsono mwana akakhala mopingasa, magazi akayamba kutayika pachipatala chopanda chipinda cha opaleshoni, mbali ya boma ili kuti? Mfumu imene imalipiritsa mbuzi mayi wochirira panjira ili ndi udindo wopita kwa Bwanamkubwa kukafunsa kuti ambulansi inachedwa maola angati mwezi watha, ndipo walipira chindapusa ndani. Mafumu athu, a Makanjira, a Jalasi, a Mponda, a Chimwala, a Nankumba ndi ena nonse, mawu anu amamveka pa khonsolo. Ngati lamulo limakhwima kwa wofooka yekha, anthu amasiya kulikhulupirira, ndipo tsiku limene amayi adzaone kuti kuchipatala kulibe chipulumutso adzabwerera kwa azamba a m'midzi mobisa.

Chondipweteka china n'chakuti njira ina inayesedwa kuno komwe ndipo inatheka. M'zaka za m'ma 2000 zipatala zitatu zakutali za m'boma la Mangochi zinapatsidwa njinga zamoto za eRanger, zokhala ndi kabedi kogonekapo wodwala pambali pake. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2008. Nthawi yoti mayi afike kuchipatala cha pa boma inatsika ndi maola awiri mpaka anayi ndi theka, malinga ndi malo. Ndalama zogulira ambulansi imodzi ya galimoto zikanagula njinga 19, ndipo kuyendetsa njinga imodzi chaka chathunthu kunkadya madola 508 okha. Ubwino wake waukulu unali wakuti njingayo inkagona pachipatala chaching'ono pomwepo, moti ulendo unali umodzi wokha, ndiponso panalibe bwana woti angaibwereke kupitira kumsonkhano. Zovuta zinalipo. M'matope njinga imatitimira, mzamba sangathandize bwino wodwala ili paulendo, ndipo amayi ena safuna mudzi wonse udziwe kuti matenda ayamba. Komabe a m'maiko ena akamakonza ntchito zotere amawerenga za Mangochi. Ife eni ake, tiyeni tiyende m'zipatala zathu tiwerenge njinga zotere zimene zikulira lero.

Nkhani si ya amayi okha. Lipoti la WHO la mu 2018 linaika imfa za pamsewu m'Malawi pa anthu 31 mwa 100,000 aliwonse pachaka, chiwerengero chimene chili m'gulu la zokwera kwambiri padziko lapansi, ndipo chichokereni nthawi imeneyo njinga zamoto za kabaza zachuluka m'tauni ndi m'midzi momwe. Ndi thandizo la World Bank, Unduna wa Zaumoyo unayamba kuyesa ntchito ya ambulansi zangozi pamsewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, yokhala ndi nambala yaulere ya 118, malo oyankhira mafoni ndi anthu ophunzitsidwa kuthandiza ovulala. Chinali chiyambi chabwino. Koma M1 sidutsa ku Mangochi. Kuno tili ndi M3 yochoka ku Liwonde, yokwera mapiri a ku Namwera mpaka ku Chiponde, ndi M10 yopita ku Monkey Bay, mmene malole a nsomba, maminibasi, njinga ndi ana a sukulu amalimbirana msewu umodzi.

Onani zimene zimachitika ngozi ikagwa pamsewu umenewu. Anthu amathamangirapo, ena atatukula mafoni kujambula. Amtima wabwino amamugwira wovulalayo mikono ndi miyendo, mutu uli lendee, n'kumuponya kumbuyo kwa matola. Ngati khosi linali lothyoka, kunyamula kumeneko ndi kumene kumamupumitsa ziwalo moyo wake wonse. Ngati mwendo ukutuluka magazi, amaumanga ndi kansalu kosalimba kapena amathirapo dothi. Eni magalimoto ambiri amangodutsa, poopa kuti apolisi adzawavutitsa ngati mboni kapena kuwayesa ogunda. Ndipo pali chikhulupiriro chofala chakuti wovulala sangalandire chithandizo popanda lipoti la polisi, moti ena amayamba adzera kupolisi munthu akukha magazi. Unduna ndi apolisi ayenera kunena mobwerezabwereza, pa wailesi za m'madera, m'Chiyao ndi m'Chichewa, kuti chipatala choyamba, pepala pambuyo, ndiponso kuti wothandiza wovulala sazunzidwa.

Anthu amenewa si oipa. Palibe amene anawaphunzitsa. Kumpoto kwa Iraq ndi ku Cambodia, kumadera a mabomba okwirira pansi kumene chipatala chinali maola ambiri kutali, madokotala anaphunzitsa azaumoyo a m'midzi ndi anthu wamba zikwizikwi zinthu zochepa chabe: kutsegula njira ya mpweya, kuletsa magazi pokanikiza bala, kumufunditsa wovulala ndi kumunyamula bwino. Zotsatira zosindikizidwa mu 2003 zinaonetsa kuti imfa pakati pa ovulala zinatsika kuchoka pa 40 kufika pa 15 mwa 100 aliwonse. Kunalibe ndege, kunalibe ambulansi zamakono. Kuno tili ndi a Red Cross, tili ndi alangizi a zaumoyo m'dera lililonse, ndipo sukulu ya ukachenjede ya KUHeS ili ndi nthambi pa Mangochi pomwepa. Chovuta n'chiyani kuti wakabaza aliyense, asanalembetsedwe pa siteji, aphunzire masiku awiri? Iyeyo ndi amene amafika poyamba pa ngozi iliyonse. Iyeyo ndi amene kale kale akunyamula odwala athu usiku, atamangidwa ndi chitenje kumsana kwake.

Za panyanja ndiye sitizitchula n'komwe, ngati kuti anthu a ku Mangochi amakhala pamtunda pokha. Usiku uliwonse amuna zikwizikwi amalowa m'madzi kukaponya chilimira, ochokera ku Msaka, ku Chembe, ku Malembo, ku Makawa, ku Malindi. Mwera ukakuntha pakati pa Meyi ndi Ogasiti maboti amagudubuzika. Pa Shire ndi pa Malombe ng'ona ndi mvuu zimagwira anthu chaka ndi chaka. Msodzi wovulala pakati pa nyanja, kapena mwana womira amene wavuulidwa pagombe, moyo wake uli m'mphindi zochepa, ndipo omuzungulira ambiri sadziwa kumuuzira mpweya. Ku Chembe kuli chipatala cha Billy Riordan, chimene Mayi Mags Riordan a ku Ireland anatsegula mu 2004 mwana wawo atamira m'nyanja muno mu 1999. Tiwathokoze mayiwa, koma tidzifunsenso kuti bwanji zinatengera chisoni cha mlendo kuti mudzi waukulu chotere ukhale ndi pothawira.

Ku Monkey Bay kuli asilikali a pamadzi, apolisi a pamadzi, sukulu ya oyendetsa sitima ndi doko la sitima ya Ilala. Maboti a injini ndi akatswiri osambira ali pamenepo. Msodzi amene akuona boti la anzake likumira aimbe nambala iti kuti anthu amenewa adzuke? Sitima ya Chauncy Maples, yopangidwa ku Glasgow, inayamba kuyenda panyanjayi mu 1901, ndipo amishoni a UMCA ankafikira nayo odwala m'magombe. Ntchito yoikonzanso kuti ikhale chipatala choyandama inayambika zaka zapitazo koma sinafike pamapeto. Sitikufuna sitima yaikulu chotere. Tikufuna boti limodzi kapena awiri othamanga, okhala ndi machira ndi majekete oyandamitsa, limodzi likugona kugombe la kum'mawa, kuti m'dzinja msewu ukaduka wodwala wa kwa Makanjira awoloke pamadzi. Anthu a kumeneko amadziwa kale kuti nyanja ndi njira. Amawoloka pa boti kupita ku Salima kukachita malonda. Ndi dongosolo la zaumoyo lokha limene silinaizindikire njira imeneyi.

Tsopano ndilankhule nanu, olemekezeka aphungu ndi inu amene mukufuna mipando. Chisankho chikayandikira timaona magalimoto olembedwa kuti ambulansi, nkhope yanu ili pachitseko. Ambiri mwa magalimotowa ntchito yawo yeniyeni ndi kunyamula maliro, chifukwa pamaliro pali khamu ndipo mwambo wa mawu umatchula dzina la wothandiza. Mayi wotaya magazi pakati pa usiku alibe khamu. Makiyi amakhala ndi wachipani, nambala ya dalaivala imadziwika ndi okhawo oyandikana nanu, ndipo mukagonja galimotoyo imazimiririka. Ngati mumawakondadi anthu anu, perekani galimotoyo m'manja mwa ofesi ya zaumoyo, ilembedwe m'kaundula wa khonsolo, ndipo mafuta ndi matayala ake achokere m'thumba la chitukuko la CDF, limene mu 2024 linafika pa K200 miliyoni pa dera lililonse. Dzina lanu likhoza kukhalabe pachitseko. Ku Ghana, anthu 126 atafera pabwalo la mpira ku Accra mu 2001, boma linakhazikitsa bungwe limodzi la ambulansi mu 2004. Pamene linagawa maambulansi 307 mu 2020 kuti dera lililonse la phungu likhale ndi yake, onse analowa pansi pa bungwelo ndi nambala imodzi. Sanaperekedwe kwa aphungu.

Ndikudziwa yankho limene likubwera: ndalama kulibe. N'zoona kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu 2022 ndi 44 peresenti mu 2023, ndipo ndalama zimene maofesi a zaumoyo amalandira mwezi ndi mwezi sizikwanira. Thumba limodzi lomwelo ndi limene limagula chakudya cha odwala, kulipira madzi ndi magetsi, kukonza magalimoto ndi kugula mafuta, ndipo likachedwa kapena likabwera loperewera, mkulu wa zaumoyo amasankha pakati pa phala la m'wodi ndi dizilo. Sindimuda mkulu ameneyu. Koma n'zoonanso kuti maiko a mu Africa analonjezana ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, ndipo ife zaka zambiri takhala pansi pa mlingo umenewo. N'zoonanso kuti sabata iliyonse magalimoto akuluakulu a boma ndi a mabungwe amatsetsereka kuchokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre kubwera kumisonkhano m'mahotela a m'mbali mwa nyanja ino, matanki ali odzaza. Mafuta a ulendo umodzi wotere akanatenga mayi wa kwa Makanjira kangapo. Ena mwa misonkhanoyo mutu wake umakhala uchembere wabwino, ndipo zimenezi ziyenera kutichititsa manyazi tonse.

Mafuta a ambulansi akhale ndi mzere wakewake m'bajeti ya khonsolo, wosasakanikirana ndi china chilichonse. Pakhalenso nkhokwe ya dizilo ya zipatala, chifukwa tinaona mu 2022 ndi mu 2024, mafuta atasowa m'dziko, mmene galimoto yonyamula wodwala imasaukira pamzere pamodzi ndi ena onse. Nthawi ya kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Mangochi inali pakati pa maboma okhudzidwa kwambiri, tinaphunzira kuti munthu wamphamvu amatha kuuma thupi n'kumwalira tsiku lomwelo, pamene madzi a diripi akanamupulumutsa akadafika msanga. Boma limatolera msonkho pa lita iliyonse ya mafuta, ndipo limatolera pazipata za Chingeni ndi Kalinyeke. Kagawo kochepa ka ndalama za pamsewu kapite kwa amene amavulala pamsewupo.

Ndipo sikuti ulendo uliwonse ufuna Land Cruiser. Ku Tanzania kuli ntchito yotchedwa m-mama, imene inayambira ku Sengerema ndi ku Shinyanga n'kufalikira dziko lonse. Mayi kapena khanda zikavuta, amaimba nambala yaulere ya 115. Woyankha amafunsa mafunso ochepa, amaona ngati ambulansi ilipo, ndipo ngati palibe amaimbira dalaivala wa m'mudzi yemwe analembetsedwa ndi kuphunzitsidwa kale. Dalaivalayo akakamusiya wodwala amalipidwa pa foni, banja osatulutsa kanthu. Airtel Money ndi Mpamba tili nazo. Eni magalimoto a nsomba, amene amadziwa msewu uliwonse wopita kugombe ndipo sagona usiku, tili nawo. Eni maboti a injini tili nawo. Amene amati Amalawi adzangoimba mafoni osewera akumbukire Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011 n'kukula mpaka boma kuchitenga. Oimba zachibwana sanachiphe. Mfumu ikalengeza pabwalo, shehe akanena pa Ijumaa, m'busa akanena Lamulungu kuti nambala iyi ndi ya moyo, achibwanawo amachepa.

Chofunika ndi tebulo limodzi pa boma, lokhala ndi anthu osinthana usana ndi usiku, odziwa pamene pali ambulansi iliyonse, ya boma, ya zipatala za mipingo za CHAM, ya phungu, ya kampani, ndi boti la ku Monkey Bay. Munthu wa patebulo limeneli ndi amene angasankhe kuti pakati pa odwala atatu woyamba ndi uti, mwa kukula kwa matenda, osati mwa kudziwana. Ndi iyeyo amene angaimbire chipatala kuti konzekani, mayi akubwera, akufunika magazi, kuti asafike n'kupeza wogonetsa odwala ali kunyumba ndipo jenereta ilibe mafuta. Boma la Iceland, limene lagwira ntchito ndi Malawi kuyambira mu 1989, linathandiza kumanga chipatala cha Monkey Bay ndi nyumba yatsopano ya amayi oyembekezera pa boma, yotsegulidwa mu 2019. Nyumbazo n'zabwino, koma zimapulumutsa wofika ali moyo. Magazi nawo amasowa kwambiri sukulu zikatsekera, poti opereka ambiri ku Malawi Blood Transfusion Service ndi ana a sekondale; akuluakulu a m'mizikiti, m'mipingo ndi m'magombe akhoza kutseka mpata umenewu.

Amuna ambiri a ku Mangochi akhalapo ku Joni. Amadziwa kuti kumeneko ukaimba 10177 wina amayankha, ngakhale ambulansi ichedwe, ndipo malamulo aakulu a South Africa, m'ndime 27, amaletsa kukaniza munthu aliyense chithandizo cha mwadzidzidzi. A ku Kenya analembanso chimodzimodzi m'ndime 43 ya malamulo awo a mu 2010. Athu amateteza ufulu wokhala ndi moyo m'ndime 16, koma satchula mwachindunji chithandizo cha mwadzidzidzi, ndipo lamulo la zaumoyo limene takhala nalo zaka zonsezi linalembedwa ndi atsamunda mu 1948. Aphungu amene akufuna kukumbukiridwa ali ndi ntchito pamenepa. Bambo amene mkazi wake wafera pabenchi akudikira galimoto ayenera kukhala ndi poyambira kudandaula, osati kungouzidwa kuti ndi chifuniro cha Mulungu. Ife okhulupirira timadziwa kuti moyo uli m'manja mwa Mulungu, koma dizilo ali m'manja mwa anthu, ndipo si bwino kubisa ulesi wathu kumbuyo kwa dzina lake.

Makhansala athu safunika kudikira lamulo latsopano kapena wopereka thandizo wina. Pamsonkhano wotsatira wa khonsolo yonse afunse mkulu wa zaumoyo, popanda kumuopseza, kuti maambulansi alipo angati, oyenda ndi angati, ali pamiyala ndi angati ndipo akudikira chiyani. Alamule kuti chipatala chaching'ono chilichonse chizilemba m'kope nthawi imene foni yaimbidwa, nthawi imene galimoto yafika, ndi chimene chachitikira wodwalayo, ndipo ziwerengerozi zizimatidwa pa bolodi mwezi uliwonse pamene gadiyani aliyense angaziwerenge. Ndipo mvula ya Disembala isanayambe, kwa Makanjira, ku Namwera, ku Chilipa ndi ku Monkey Bay kugone ambulansi yakeyake, dalaivala wake akukhala pomwepo, ndi madiramu a dizilo otsekeredwa amene makiyi ake ali ndi woyang'anira chipatalacho.